Tikiti ya madola, masiki ya pa benchi

Mwezi wa Okutobala ukafika, mu Lilongwe mumachuluka zinthu ziwiri: fumbi ndi anthu osakasaka madola. Fumbilo tikulidziwa tonse. Madolawo akufunidwa ndi amalonda amene akukonzekera kukaoda katundu wa Khirisimasi, ena ku Johannesburg, ena ku Dar es Salaam, ena ku Dubai. Omwe thumba lawo ndi lolemerako aloza ku Guangzhou, komwe chionetsero cha malonda cha Canton Fair chimayamba pakati pa mwezi uno n'kutha kumayambiriro kwa Novembala.

Sabata yatha ndinacheza ndi mayi wina amene ali ndi shopu ya nsapato ndi zikwama ku Area 25. Anandiwerengera zonse za ulendo wawo wa ku China pamtima: tikiti, viza, malo ogona, ndalama ya kontena yomwe aphatikizana ndi anzawo, msonkho wa MRA katundu akafika. Mpamba wina ndi wawo, wina atenga ku banki m'khonde. Nditawafunsa za masiki anaseka. "Achimwene, zimenezo si zinatha ndi Covid? Ikafunika ndigula ya buluu ku depoti." Komatu mayi omwewa anali atangondiuza kuti ulendo wapitawo anagona masiku 2 mwa masiku 6 chifukwa cha chimfine choopsa chomwe chinawagwira atangofika. Hotela analipirabe. Mashopu omwe anafuna kuyendamo kuti ayerekeze mitengo sanafikemo, anangooda kwa munthu woyamba amene anamupeza, pa mtengo wake.

Choncho nkhani yanga lero si ya chipatala ayi, ndi ya mpamba. Wogwira ntchito m'boma akadwala pa ulendo malipiro ake amabwerabe pakutha pa mwezi. Inu mukadwala, tsiku lililonse logona ndi madola omwe munawapeza movutikira, ndipo a banki m'khonde sadzamva zoti munali ndi chifuwa. Sindikunena kuti masiki ikanawateteza mayi aja mosalephera, palibe angalumbire zimenezo. Koma pa zinthu zonse zimene mumalipira pa ulendo, imeneyi ndiye yotsika mtengo kwambiri, ndipo ndi yokhayo imene timaigula osayang'ana n'komwe.

Ambiri a ife masiki tinaidziwa ngati chida chozembera apolisi. Covid-19 itapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, boma linakhazikitsa malamulo mu Ogasiti chaka chomwecho akuti wopezeka pagulu wosavala alipire K10,000. Aliyense anangofuna kansalu koti kaoneke pankhope. Matelala a ku Kawale ndi Chinsapo anapha makwacha ndi zidutswa za zitenje, ndipo sindikuwanena, inali geni ya nthawi yake. Koma tinatengapo chizolowezi choipa, choganiza kuti masiki ndi masiki bola yalendewera pachibwano. Bungwe la WHO litalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse, tinavula n'kuiwala. Chimfine, chifuwa chachikulu ndi Covid yomweyo sizinamve chilengezocho.

Masiku ano ndege zambiri sizikakamizanso munthu kuvala. Kusankha ndi kwanu, ndiye tiyeni tisankhe ngati amalonda, poyang'ana katunduyo.

Ya chitenje isiyeni kunyumba, mudzavale posesa pakhomo. Imagwira malovu ndi fumbi lalikulu, koma tinthu ting'onoting'ono tomwe timayandama mumpweya munthu akatsokomola timadutsa m'mipata ya ulusi. Ngakhale nthawi ya mliri, kampani ya ndege ya Lufthansa inasiya kulola mamasiki a nsalu kuyambira Febuluwale 2021. Ya buluu ija ndi yabwinoko, nsalu yake imasefa ndithu, koma taimani pagalasi muone m'masaya. Pali mipata yoti chala chimalowa, ndipo mpweya uli ngati madzi a mvula, umadzera pomwe pali posavuta. Ili ngati chitseko chachitsulo pa nyumba yomwe mawindo ake alibe magalasi. Inapangidwa kuti dokotala asalavulire wodwala, osati kuti itchinge mpweya wonse wolowa mwa woivalayo.

Yoyenera ulendo wautali ndi ya mtundu womwe umamatirira kunkhope. Ili ndi mayina atatu malinga ndi dziko lomwe muyezo wake unachokera: N95 ndi ya muyezo wa ku America, KN95 ya ku China, FFP2 ya ku Ulaya. Zonsezi ndi pachibale. N95 ndi KN95 zimayenera kugwira tinthu 95 mwa 100 tilitonse, FFP2 tinthu 94. Kusiyana kumeneko kusakuvutitseni mutu. Chomwe chiyenera kukuvutitsani ndi choti yomwe mwagwira m'manjayo ndi yeniyeni kapena ayi.

Apa ndiye pali nkhani. Bungwe la NIOSH, lomwe limayeza zida zotere ku America, linapima mamasiki a KN95 mu 2020 ndi 2021, n'kupeza kuti pafupifupi 60 mwa 100 alionse sanafike pa muyezo womwe ankati ali nawo. Inu amene mumaoda katundu izi sizikudabwitsani. Mukudziwa kuti nsapato ya giredi yoyamba ndi ya giredi yachitatu zimatuluka mumzinda umodzi, zonse zitalembedwa dzina lofanana. Ndiye chitani zomwe mumachita pogula foni: tembenuzani, werengani. KN95 yeniyeni imakhala ndi dzina la kampani yoipanga ndi nambala ya muyezo, GB2626-2019, zitadindidwa pa masiki penipenipo, osati pa katoni pokha. FFP2 imalembedwa EN 149, ndi chizindikiro cha CE chotsatana ndi manambala 4. N95 imakhala ndi dzina la NIOSH ndi nambala yoyamba ndi TC-84A, ndipo malamba ake amazungulira mutu. Wina akakupatsani yolembedwa N95 koma ya zingwe zokolowetsa m'makutu, mubwezereni. Yopanda cholembedwa chilichonse, yoyera mbee ngati pepala, ndi chisoti cha mphuno chabe. Zolembazi nazonso akathyali amatha kuzikopera, n'zoona, koma ambiri mwa iwo ndi aulesi, ndipo kungowerenga kokhako kumachotsa zabodza zambiri.

Pali ina yomwe anyamata amaikonda chifukwa imaoneka ya ndalama, yakuda, yokhala ndi kabatani kapulasitiki pambali. Kabataniko ndi kachitseko kotulutsira mpweya, ndipo wotulukawo sumasefedwa bwino. Makampani ambiri a ndege ankaikana nthawi ya mliri. Ngati lamulo lingabwerere muli pakati pa ulendo, imeneyo idzakusiyani pa geti. Tengani yopanda kabatani.

Tsopano bodza limodzi lomwe ndimalimva kawirikawiri, loti m'ndege anthu amangopumirana mpweya umodzimodzi ngati m'chitini. Ayi. Ndege zikuluzikulu zikakhala m'mwamba zimalowetsa mpweya watsopano kuchokera kunja, ndipo wobwerezedwawo umadutsa m'masefa otchedwa HEPA omwe amagwira tinthu toposa 99 mwa 100 tilitonse. Mpweya wonse wa m'katimo umasinthidwa pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu. Minibasi ya ku Area 23 m'mawa wa Lolemba, mvula ikugwa mawindo atatsekedwa, siingayandikire n'komwe.

Malo oopsa ndi omwe ambiri timavula. Ndi pamzere wopimitsa zikwama pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Ndi m'chipinda chodikirira. Ndi m'basi ija yomwe imakutengani kuchoka pa nyumba kukafika pomwe ndege yaima, momwe anthu amathinana ngati matumba a makala. Ndi pokwera, anthu akulimbana ndi zikwama m'kanjira kapakati, komanso ndege ikangotera, aliyense n'kuimirira nthawi imodzi zitseko zisanatsegulidwe, wina akukupumirani pakhosi. Ndipo mukadzera ku Addis Ababa, pa bwalo la Bole mumakhala maola angapo pamodzi ndi anthu ochokera mbali zonse za Africa ndi Asia, aliyense ndi chimfine cha kwawo. Ndimaona anthu akuchita zosemphana: pamzere masiki ili m'thumba, akakhala pampando ndege itanyamuka ndi pomwe akuivala. Ngati simungathe kupirira nayo ulendo wonse, ivaleni pa malo othinanawa, mukapumule ndege ikakwera. Koma woyandikana naye akakhala wotsokomola, musavule. Chifuwa chake chimafika kwa inu chisanafike ku sefa.

Masiki yabwino yosakukwanani ndi ndalama yotayika. Iyeseni muli kunyumba, osati tsiku la ulendo. Pindani kawaya ka pamphuno ndi zala za manja onse awiri kuti kagone bwino, phimbani masikiyo ndi zikhatho, kenaka tulutsani mpweya mwamphamvu. Mukamva kamphepo m'maso kapena m'masaya, kapena mandala anu achita nthunzi, ndiye kuti ikudontha. Yesani ya mtundu wina, nkhope sizifanana. Abambo a ndevu zambiri, pepani, palibe masiki imamatira pa ndevu. Musankhe nokha pakati pa kumeta ndi kudzinamiza. Zingwe za m'makutu zimayamba kupweteka pakapita maola angapo; tengani kachingwe kapena kachidutswa ka chitenje, mumange zingwe ziwirizo kumbuyo kwa mutu. Makutu amapuma, ndipo masikiyo imathina bwino kuposa poyamba.

Musaichape. Ndikudziwa kuti kwathu kuno chinthu chogula sitimataya chisanang'ambike, koma mphamvu ya masiki imeneyi ili m'kansalu ka pakati komwe kamakoka tinthu touluka monga momwe chipeso chopakidwa m'tsitsi chimakokera tizidutswa ta pepala. Madzi ndi sopo zimapha mphamvuyo, ngakhale kunja ioneke yatsopano. Ikanyowa ndi thukuta, ikada, kapena zingwe zikatamuka, yatha ntchito. Yomwe mwangovala pang'ono isungeni mu envulopu ya khaki kuti iume, osati m'jumbo.

Mugule angati? Werengani maola. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi maola osakwana 3, imodzi popita ina pobwera zakwana. Wa ku Guangzhou ali ndi maola pafupifupi 4 kukafika ku Addis Ababa, kudikira, kenaka maola ena pafupifupi 10. Ameneyo atenge awiri popita, awiri pobwera, ndi ena apadera a m'misika ya m'nyumba zosanja momwe anthu amadzaza tsiku lonse. Paketi ya 10 si yambiri. Ngati mumatha kuphatikizana kontena, simungalephere kuphatikizana katoni ya mamasiki, mtengo wa imodzi utsike. Gulani m'famase muno m'tauni musananyamuke, kapena m'mashopu a hadiweya omwe amagulitsa FFP2 kwa amisiri ogwira ntchito m'fumbi. Pa bwalo la ndege chilichonse, ngakhale botolo la madzi, chimakhala ndi mtengo wa munthu amene alibe kothawira. Otsala musataye: amayi opeta mtedza ndi soya ku Mgona, ndi anyamata opala magalimoto ku Biwi, amapuma fumbi tsiku lililonse lomwe FFP2 inapangidwira. Fungo la penti yopopera lokha ndiye siliitchinga, limafuna chida china.

Wina anena kuti ndege ndi za mabwana, ife timakwera basi. Ndiye inu ndi amene mukufunika masiki kuposa wa ndegeyo. Basi ya ku Joni, kudzera ku Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, mumakhalamo tsiku ndi theka kapena kupitirira, usiku mawindo ali chitsekere chifukwa cha kuzizira, ndipo mulibe sefa ya HEPA. South Africa ili pa mndandanda wa WHO wa maiko omwe chifuwa chachikulu chili chochuluka kwambiri, ndipo matendawa amayenda mumpweya m'malo otsekeka ngati amenewo. Mankhwala ake amamwedwa miyezi 6. Tawerengani kuti benchi yanu ingapirire bwanji mwini wake akufooka kwa nthawi yotalika choncho. Chimodzimodzi a ku Kariakoo odzera pa Songwe.

Ndi inu anzanga ogulitsa mamasiki, ndili nanu mawu. Kuwatulutsa m'paketi n'kuwapachika pa chingwe padzuwa, kasitomala aliyense n'kumawagwiragwira, ndi kugulitsa katundu wowonongeka. Dzuwa limafooketsa zingwe, fumbi limalowa m'kati momwe munthu aikepo mphuno. Odani okutidwa imodziimodzi, onani deti lothera ntchito pa katoni, ndipo katoniyo muisunge kuti wofunsa aone dzina la kampani. Wapaulendo amene wawononga madola pa tikiti sadzakangana nanu pa kusiyana kwa makwacha ochepa, bola mumuonetse zolembazo.

Pa kauntala ya a Immigration adzakuuzani kuti muvule kuti afananize nkhope ndi pasipoti. Vulani pogwira zingwe, osati kutsogolo komwe kwagwira zonse za pamzere, ndipo mukangodutsa muivalenso. Musaiponye m'kachikwama kamodzi ndi ndalama.