Mlandu Umene Unadikira Zaka 33

Makolo anzathu, mwezi uno tikambirane za kuba kumene sikusiya mapazi pakhomo: kutenga mau kapena maganizo a munthu wina m'buku, kuwalemba ngati ako, osachula mwini wake.

Mu 1980, ku Germany, Mai Annette Schavan analandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya Düsseldorf. Buku limene analemba linali lofotokoza za cikumbumtima ca munthu. Anakwera m'maudindo kufikira anakhala nduna ya maphunziro ya dziko lonselo. Koma mu 2012 munthu wina wobisa dzina anayamba kuonetsa pa intaneti ndime za m'bukulo zofanana ndi zolemba za anthu ena. Mu February 2013 yunivesite inawalanda digiri, ndipo patapita masiku anai anatula pansi udindo. Iwo anakana kuti sanabere, napita kukhoti, koma mu 2014 khoti linagwirizana ndi yunivesite. Za mumtima mwao sitingaweruze. Cimene catigwira ife ndi cakuti zolemba za mtsikana wa zaka 25 zinadzagwetsa mai wa zaka 57.

Masiku ano mlandu wotere sucedwa kuululika. Mayunivesite ambiri amalowetsa nchito ya wophunzira m'pulogalamu ya kompyuta monga Turnitin, imene imaiyerekeza ndi mabuku, masamba a pa intaneti ndi zolemba za ophunzira ena, ndi kuika cizindikiro pamene pafanana. Makinawo saweruza, woweruza ndi mphunzitsi, pakuti kubwereka mau n'kololedwa ngati wachula mwini wake. Wopezeka wolakwa angalephere phunzirolo, kuimitsidwa, kapena kucotsedwa kumene. (Ife pa sukulu ya mishoni tinkagwidwa mosavuta: ana awiri, colakwa cimodzimodzi, pa mzere umodzimodzi.)

Tsono ganizani za ng'ombe imene inagulitsidwa, ndi matumba a nshawa, kuti mwana akafike ku Lusaka kapena ku Kitwe. Akabwera pa chuti timamufunsa kuti, "Wakhoza kodi?" Ndani mwa ife anafunsapo kuti, "Unalemba wekha?" Nafenso aphunzitsi a katekisimu tili ndi mlandu wathu. Lamulo lacisanu ndi ciwiri takhala tikuliphunzitsa ndi zitsanzo za nkhuku ndi cimanga ca m'munda mwa mnansi, pamene ana otimverawo m'thumba muli foni yokhoza kuwapatsa nkhani yonse yolembedwa kale. Sabata likudzali, pa kalasi la okonzekera Ulimbitso, nkhuku ija tidzayamba taiika pambali.