Wogulitsa tabuleti atiuze chaja imene ikuyenera

Mlamu wanga anagula tabuleti ku Ulongué kuti mwana aziwerengerapo za kusukulu. M'bokosi munali chingwe chokha, chaja munalibe. Anailumikiza ku chaja ya foni yake, inagona pamagetsi usiku wonse, koma kutacha batire inali isanafike ndi theka lomwe. Atabwerera kusitolo anauzidwa kuti chaja yake ndi yabodza, agule ina. Anagula. Yachiwiriyo tabuleti sinaimve n'komwe.

Ambiri timaganiza kuti chingwe chikalowa pabowo ndiye kuti zatheka. Ayi ndithu. Pa chaja iliyonse pamalembedwa timanambala ting'onoting'ono. Ya 5V ndi 1A imatulutsa mawati 5, mphamvu ya mafoni akale. Tabuleti ili ndi batire yaikulu, ndipo nthawi zambiri imafuna mawati 10 kapena kuposerapo. Kuchaja mwamsanga nakonso kuli ndi njira zosiyana, monga USB Power Delivery ndi Quick Charge, ndipo chaja ndi tabuleti zikapanda kumvana njira, magetsi amalowa pang'onopang'ono. Palinso matabuleti ena otchipa okhala ndi bowo la USB-C amene anapangidwa moperewera mkati: amachaja ndi chingwe chokhala ndi mutu waukulu wakale mbali imodzi, koma cha USB-C mbali zonse amachikana. Ya mlamu wangayo inali yotere.

Nanga akanadziwa bwanji? Pabokosi panangolembedwa kuti imachaja msanga, popanda nambala iliyonse. Kumudzi kumene munthu amalipira kuti amuchajire pa sola, kusalemba kumeneku kumadya ndalama za wogula.

Ndime 92 ya Malamulo Aakulu a dziko lathu imapatsa wogula ufulu wolandira katundu wabwino, wouzidwa za katunduyo, komanso wobwezeredwa akaonongekedwa. Lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, linakhazikitsidwa kuti ufuluwo ugwire ntchito. Ine ndikuona kuti mphamvu ya chaja ndi imodzi mwa mfundo zimene wogula ayenera kuuzidwa asanatulutse ndalama. Maiko a European Union anayamba pa 28 Disembala 2024 kukakamiza kuti mafoni ndi matabuleti atsopano akhale ndi USB-C, ndi kuti pabokosi paoneke ngati muli chaja komanso mawati ochepa ndi ochuluka amene chipangizocho chikufuna. Bungwe la INCM, limene limavomereza zipangizo zolumikizirana muno, lingathe kufuna zomwezo kwa oitanitsa katundu, ndipo zilembedwe m'Chipwitikizi.

Ena adzati zimenezi zikweza mitengo. Kapepala komata pabokosi sikangafike mtengo wa machaja awiri amene mlamu wanga anagula pachabe.

Pakali pano, mukapita kukagula, nyamulani chaja ndi chingwe chanu, muziyese pomwepo wogulitsa akuona. Mufunseni mawati, ndipo alembe yankho lake pa lisiti.