Chipilala chilipo, nanga manda a Kimathi ali kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya Dedan Kimathi wa ku Kenya, mphunzitsi mnzathu amene anataya choko n'kulowa m'nkhalango za Nyandarua kukatsogolera nkhondo ya Mau Mau. Ambiri amamudziwa ndi chithunzi chija ali gone, maunyolo ali m'manja. Ochepa ndi amene amadziwa kuti anaphunzira ku Tumutumu, sukulu ya mishoni ya Church of Scotland, mpingo womwe uja unayambitsa Blantyre Mission, ndi kuti anaphunzitsapo ana kwawo ku Nyeri kwa kanthawi.

Uphunzitsi sunamuchoke. M'nkhalango momwemo ankalemba makalata ndi kusunga mabuku a zokambirana za pa misonkhano, monga momwe ife tinkasungira rejisitala. Anamuwombera mwendo n'kumugwira pa 21 Okutobala 1956, ndipo anamunyonga ku ndende ya Kamiti pa 18 Febuluwale 1957 ali ndi zaka 36. Abusa ndi ansembe amve ichi: m'kalata yake yomaliza, yopita kwa wansembe wa Katolika, Bambo Marino, china chimene anapempha n'chakuti mwana wake aikidwe pa sukulu.

Ulemu unabwera mochedwa. Kenya inalandira ufulu mu 1963, koma lamulo la atsamunda loletsa Mau Mau linakhalabe mpaka 2003. Nelson Mandela atafika ku Nairobi mu 1990 anafunsa za manda a Kimathi ndi za mkazi wake, akuluakulu a boma n'kugwidwa njakata. Mu 2007 Pulezidenti Mwai Kibaki anatsegulira chipilala chake pakati pa mzinda wa Nairobi, ndipo yunivesite ya ku Nyeri ili ndi dzina lake.

Zonsezi sindikuzinyoza ayi. Koma chipilala n'cha anthu odutsa mu msewu, pomwe abanja amafuna manda. Amene munaikapo m'bale wanu mukudziwa kuti mtima sutsika usanaone mtumbira. Atsamunda anamukwirira m'kati mwa mpanda wa Kamiti, opanda chizindikiro chilichonse. Mkazi wake, mayi Mukami Kimathi, anadikira zaka 66 akupempha mafupa a mwamuna wawo kuti akawaike mwaulemu, mpaka iwonso anamwalira mu Meyi 2023 asanawaone. Mu 2019 kunamveka mphekesera yoti manda apezeka, boma n'kukana.

Kodi Kamiti ndi nyanja yoti munthu sangafufuze? Atsamunda anali anthu olemba chilichonse, ngakhale chingwe chonyongera. Mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linkabisa mafayilo ambirimbiri a nthawi imeneyo ku Hanslope Park, ndipo mu 2013 linavomera kupereka mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa Akenya 5,228 amene anazunzidwa. Ngati ndalamazo zinapezeka, maboma awiriwa angathenso kukhala pansi, kuwerenga mabuku a ndendeyo, kukumba ndi kuyeza DNA mbumba yake ikadalipo. Chavuta ndi mtima, osati luso.

Komabe ife a Malawi tisatalikitse chala. Nkhope ya Abusa John Chilembwe, amenenso anatsegula masukulu, ili pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale timakhala pa tchuthi. Koma mwana wa Sitandade 6 akafunsa kuti anawaika pati mu 1915, aphunzitsi amangoti, "Tsegulani tsamba lotsatira."

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mayani, Dedza.