Luso Lili Pakhomo Pomwe

Ana ambiri a sukulu m'maboma a Dowa ndi Ntchisi amaganiza kuti luso ndi kujambula pa pepala ndi makrayoni ogula ku sitolo. Mwana wopanda makrayoni amangopinda manja, nanena kuti iye luso alibe. Maganizo ameneŵa ndi olakwika.

Luso lili pakhomo pomwe. Mvula ikatha, amayi amazira nyumba ndi katondo, nalemba maluŵa pa khoma ndi dothi loyera kapena makala. Agogo amaluka madengu ndi malichero a nsungwi. Anyamata oŵeta ziŵeto m'mphepete mwa mapiri amaumba ng'ombe zadothi. Zonsezi ndi luso, ndipo sizilira ndalama.

Makolo akale sankabisa luso lawo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 pamene anthu adajambula zithunzi pa miyala. Zithunzi zofiira adajambula Akafula, ndipo zoyera adajambula Acheŵa. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika maloŵa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Luso loonekera poyera limasonkhanitsanso anthu. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumakhala anthu othaŵa nkhondo kwawo. M'chaka cha 2014 iwo adayambitsa chikondwerero cha Tumaini. Nyimbo, magule ndi ndakatulo zawo zidakopa anthu zikwizikwi, alendo ndi Amalaŵi omwe.

Nchifukwa chake sukulu iliyonse iyenera kupatsa ana khoma limodzi lakunja kuti ajambulepo. Akhoza kujambula mapu a Malaŵi, phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake, kapena msika wa pa Mponela. Ana onse agaŵane ntchito. Ena akumbe katondo, ena apere makala, ena alembe mizere, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Makolo ena amati ntchito yotere ndi kutaya nthaŵi ya masamu. Koma mwana sangajambule mapu pa khoma osayeza utali ndi mulifupi mwake. Poyeza amaŵerengera, ndipo pokambirana ndi anzake amaphunzira kumvera maganizo a ena. Chinanso nchakuti mwana sadetsa khoma limene adalikongoletsa ndi manja ake. Amaliteteza, ndipo amaitana makolo ake kuti adzalione.

Nzoona kuti mvula idzafufuta katondo uja. Zimenezi zisafooketse aphunzitsi kapena ana. Amayi amazira nyumba chaka ndi chaka osadandaula. Khoma likafufutika, ana a kalasi lotsatira apezenso danga lojambula zawo.

Mafunso
1. Tchulani ntchito zitatu za luso zopezeka m'mudzi.
2. Kodi zithunzi zofiira za ku Chongoni adajambula ndani?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga.