TISAKANE KUPIMITSA MADZI A MU MSANA

Anthu ambiri m'midzi mwathu akamva kuti dokotala afuna kutenga madzi a mu msana wa wodwala, amanyamula mbale wao usiku ndi kuthawa naye. Iwo amati singano imeneyo ndiyo imapha. Maganizo otere atitayitsa abale amene akadacira, ndipo nthawi yakwana yakuti tiwasiye.

Kacirombo ka HIV kamafika mu ubongo m'masabata oyamba munthu atakatenga. M'menemo kamautsa asilikari a thupi, ndipo nkhondo yao imatupitsa ubongo pang'onopang'ono. Munthu wosamwa mankhwala angayambe kuiwala, kudzandira ndi kulankhula zosamveka. Asilikari ochedwa CD4 akacepa kufika pansi pa 200, matenda enanso amapeza mpata, makamaka TB ya mu ubongo ndi matenda a Cryptococcus. Onsewa amabwera ndi mutu wosaleka, kuuma khosi ndi kusokonezeka maganizo, koma mankhwala ao ndi osiyana. Dokotala sangathe kuwasiyanitsa ndi maso okha.

Apa ndipo madzi a mu msana amathandiza, pakuti ndi omwewo amene amazungulira ubongo. Amai onse ophika thobwa adziwa kuti cimera cimasandutsa phala kukhala lotsekemera. Cimene cimagwira nchito imeneyo mu cimera akatswiri amacicha enzyme. Thupi nalonso lili ndi ma enzyme ambirimbiri, ndipo ubongo ukatupa ena a iwo amaculuka m'madzi aja. Enzyme yochedwa ADA ikakwera kwambiri, dokotala amaganizira TB. Ina, yochedwa MMP-9, imafooketsa mpanda wocinjiriza ubongo ku zoipa za m'magazi, ndipo ofufuza anaipeza yoculuka mwa anthu amene HIV inawasokoneza nzeru. Iyi ikali m'manja mwa ofufuza, koma zipatala zili kale ndi njira zina zopimira madzi omwewo: CrAg imaonetsa Cryptococcus, ndipo makina a GeneXpert amaonetsa TB.

Nanga mantha athu ali ndi maziko? Singano imalowa m'munsi mwa msana, kupitirira pamene pathera mtsempha waukulu wocokera ku ubongo. Popima amatenga madzi okwana masupuni a tiyi awiri kapena atatu, pamene thupi limapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse. Kwa wodwala Cryptococcus, kucotsako madzi kumacepetsa kupanikizika m'mutu, ndipo ululu umatsika. N'zoona kuti ena amamwalira atapimidwa, koma kawirikawiri amakhala aja amene anafika mocedwa, atataya masabata kwa ang'anga pofuna kudziwa amene anawalodza. Cowapha ndi matenda amene anakula kale.

Mu 1987 Dr Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wao anamwalira ndi Edzi, pa nthawi imene kunalibe mankhwala m'dziko muno. Lero ma ARV alipo aulere m'zipatala za Boma, ndipo womwa mosadumphitsa amacinjiriza ubongo wake. Cotero inu mafumu, anyakwawa ndi akulu a mipingo, uzani anthu anu kuti mbale akadwala mutu wosaleka kapena akayamba kusokonezeka, apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Ndipo inu osamala wodwala, dokotala akapempha cilolezo ca kutenga madzi a mu msana, funsani mafunso onse amene muli nao, kenaka muvomere.