Timu isankhidwe m'bwalo, osati m'buku la ndalama

Mwezi wa February ukangokwana, ife ochemerera timu ya baseball ya Chicago Cubs timayamba matenda athu aja olosera. Aliyense amatenga pepala n'kulemba maina 26 a anyamata amene akuganiza kuti adzakhala m'timu pa tsiku lotsegulira ligi. Nthawi imeneyi osewerawo amakhala ali ku Mesa, m'chigawo cha Arizona ku America, pa masewero okonzekera omwe amatha kumapeto kwa March.

Kulosera kwake sikovuta monga mmene ena amaganizira. Lamulo limati pa anthu 26 aja, oponya mpira asapitirire 13. Tsono ine ndimalemba asanu oyamba masewero, asanu ndi atatu olowa m'malo. Pa 13 otsalawo ndimaika awiri owakha mpira kumbuyo kwa womenya, asanu ndi awiri a m'malo ena a m'bwalo, m'modzi wongomenya basi, ndi atatu a pa benchi. Amene ali ndi makontrakiti a ndalama zambiri malo awo ngodziwikiratu, ngakhale atasewera ngati adya nsima yambiri, pokhapokha atavulala. Mkangano weniweni umakhala pa malo atatu kapena anayi otsiriza.

Apa ndi pamene pamandiwawa, abale. Malo amenewa nthawi zambiri sapita kwa amene wasewera bwino. Amapita kwa amene malamulo ndi thumba la eni timu zamukomera.

Lamulo lina ndimalimvetsa. Wosewera angathe kutsitsidwa ku ligi yaing'ono m'zaka zitatu zokha. Zikatha, timu ikafuna kumutsitsanso iyenera kuyamba yamuonetsa kwa matimu ena, ndipo aliyense angathe kumutenga. Ndiye akuluakulu amasunga woteroyo poopa kumutaya, n'kutsitsa mnyamata amene sangalandidwe. Pamenepo palibe bodza, ndi kusamala katundu chabe.

Chimene sindidzavomera ndi chimene chidachitikira Kris Bryant mu 2015. Ku baseball wosewera amakhala mfulu kusankha timu ndi kudzitchulira mtengo akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi m'ligi yaikulu, ndipo chaka chimawerengedwa chathunthu akakhala m'timu masiku 172. Bryant pa masewero okonzekera a chaka chimenecho adamenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa bwalo kasanu n'kanayi, zomwe eni ake amati home run. Palibe adamuposa. Koma tsiku lotsegulira ligi mnyamatayu adali ku timu yaing'ono ya Iowa, ati akaphunzire kaye kutchinga bwino. Adamuitana pa 17 April. Chaka chitatha, masiku ake adakwana 171. Kupereweratu tsiku limodzi! Kodi ndani angandiuze kuti kutchinga kuja adakuphunzira ndendende pa tsiku limene chaka chake chidaonongeka?

Phindu lake Cubs idamusunga zaka zisanu ndi ziwiri m'malo mwa zisanu ndi chimodzi. Bryant adasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana mu National League mu 2015, wopambana onse m'ligiyo mu 2016, ndipo chaka chomwecho adathandiza Cubs kutenga World Series patatha zaka 108. Adadandaula, mlandu udamutsutsa mu 2020. Ndiye taonani, mu July 2021, chaka chomwe adamubera chija, timu idamusinthanitsa kupita ku San Francisco Giants.

Anzanga ena amati timu ndi bizinesi, ndipo kutaya masiku 12 kuti upeze chaka chathunthu ndi nzeru. Nzeru zake zilipo, sindikukana. Koma pa masewero 162 a chaka, la mu April limawerengedwa chimodzimodzi ndi la mu September. Mu 2015 Cubs idapambana 97, St. Louis Cardinals 100. Sindikunena kuti Bryant akadatseka mpata wonsewo, koma timu yofuna chikho siyenera kubisa wosewera wabwino ngakhale sabata imodzi. Komanso amene walipira tikiti ku Wrigley Field mu April walipirira kuona timu yeniyeni, osati yodikira kalendala. Nanga mnyamata amene wagwira ntchito bwino n'kumulipira ndi chinyengo, mawa mudzamuuza bwanji za kukonda timu?

Zinthu zidasinthako mu 2022, eni matimu atagwirizana ndi bungwe la osewera patatha masiku 99 ntchito ili chiimire. Adaika mphotho: timu ikayamba ligi ndi mnyamata wotchuka, iye n'kudzakhala wosewera watsopano wopambana, timuyo imapatsidwa mwayi wina wosankha wosewera kwa achinyamata olowa kumene. Seattle Mariners idatero ndi Julio Rodríguez chaka chomwecho ndipo idalandira mphothoyo. Zomvetsa chisoni kuti mpaka pachite kukhala nyambo kuti anthu achite chilungamo, komabe bola.

Nayonso Cubs mu 2025 idayamba ligi ku Tokyo pa 18 March ndi mnyamata Matt Shaw pa malo omwe aja a Bryant. Zidamuvuta, mu April adatsitsidwa ku Iowa, kenaka adabwerera. Ena adaseka nati mwaona. Inetu ndidaombera m'manja. Walira mvula walira matope: mnyamata ukamupatsa mpata angathe kugwa, koma wagwa yekha m'bwalo anthu akuona, osati muofesi.

Choncho pa malo otsiriza aja ine ndimalemba dzina la mnyamata amene wasewera bwino ku ligi yaing'ono ndi ku Mesa, kaya masiku ake akuti chiyani. Akuluakulu a timu akalemba dzina lina, atiuze chifukwa chenicheni. Tonse timadziwa kuwerenga mpaka 172.