Mwana akafika miyezi 6: sikelo, phala ndi mano oyamba

Mwezi watha tinakambirana za kuyamwitsa mwakathithi. Mwezi uno tiyeni tione msinkhu wa miyezi 5 mpaka 8. Pa msinkhu umenewu mwana amasangalatsa kwambiri pakhomo, koma ndi pomwenso ana ambiri amayamba kutsika sikelo makolo asakudziwa.

Mwana wobadwa ndi makilogalamu 3 nthawi zambiri amakhala atafika pafupifupi makilogalamu 6 akamakwanitsa miyezi 5 kapena 6. Kuyambira pamenepo kukula kumachepako liwiro, choncho musadabwe. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi mzere umene alangizi a zaumoyo amajambula m'buku la kuchipatala mwezi ndi mwezi. Mzerewo uzikwera. Ukaima miyezi iwiri yotsatizana, kapena ukatsika, funsani tsiku lomwelo musanachoke kusikelo. Kuyambira miyezi 6 amamuyezanso mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakasonyeza pofiira, ndiye kuti mwana wanyentchera kwambiri ndipo akufunika chithandizo msanga, monga chiponde cha kuchipatala.

Mwana wa miyezi 6 amalimbitsa khosi, amatha kugubuduzika, amakhala pansi mukamuchirikiza, ndipo chilichonse chimene wagwira chimapita kukamwa. Amaseka mokweza, amatembenuka mukamuitana, ndipo amayamba kubwebweta. Akamayandikira miyezi 8 amasamutsa chinthu kuchoka dzanja ili kupita linalo, ndipo ambiri amayamba kukana alendo, ngakhale agogo amene sawaona kawirikawiri. Agogo asakhumudwe, mdzukuluyo wayamba kusiyanitsa nkhope. Kukwawa kumasiyana: wina amayamba pa miyezi 7, wina pa miyezi 10, wina amangodzikhwekhwereza ndi matako mpaka kuimirira. Musamuyerekeze ndi mwana wa aneba.

Komabe pali zina zosayenera kudikira. Ngati mwana wa miyezi 6 khosi likadali lendelende, samwetulira, sadzidzimuka ndi phokoso, thupi lake ndi lolimba gwa kapena lofooka kwambiri, kapena amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, pitani naye kuchipatala. Chimodzimodzi ngati wafika miyezi 9 asanathe kukhala yekha, kapena wasiya kuchita zimene ankachita kale. Vuto likadziwika msanga, thandizo lake limagwira bwino.

Kumsana ndi malo abwino, koma mwana asakhale kumeneko tsiku lonse. Muyalireni mphasa yoyera, mumugoneke chafufumimba pamene ali maso ndipo inu muli pomwepo, kuti alimbitse khosi ndi msana. Muchotsereni njere za chimanga, mtedza, makobiri ndi mabatani, chifukwa akhoza kutsamwa nazo. Mbaula ndi madzi otentha zikhale kutali. Tsopano amagubuduzika, ndiye musamusiye yekha pabedi ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Pa nkhani ya chakudya m'pamene pagona nkhani yaikulu. Pa miyezi 6 mkaka wa m'mawere wokha sukwaniranso, makamaka pa mchere wa ayironi umene umapanga magazi. Yambani ndi masipuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Phala likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa sipuni silikuyenderera ngati madzi. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba koma silikulitsa mwana. Gwiritsani ntchito mgaiwa, muthiremo nsinjiro, ufa wa soya wokazinga bwino kapena kasipuni ka mafuta ophikira. Mupatseninso nthochi, papaya, mapeyala, dzungu ndi mbatata yofiira mkati, zonse zopota bwino.

M'mabanja athu ambiri sitidya nyama. Mwana akhoza kukula bwino m'banja lotero, koma pamafunika kusamala. Nyemba, nandolo, khobwe ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi nkhwani, zophikidwa mpaka kufewa n'kuzipota, zizipezeka tsiku ndi tsiku. Chipatso monga bango kapena lalanje chimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'zakudya zimenezi. Dzira lophika bwino ndi chakudya chabwino kwa mwana wa msinkhu uwu. Ngati m'nyumba mwanu simudya mazira ndi mkaka omwe, auzeni achipatala kuti akulangizeni za vitamini B12, amene sapezeka m'zomera, kwa mayi woyamwitsa ndi mwana yemwe.

Mwana asalawe tiyi, chifukwa amatsekereza ayironi. Uchi adikire mpaka atakwanitsa chaka, pakuti ukhoza kukhala ndi tizilombo toopsa kwa makanda. Mchere, shuga ndi zakumwa zotsekemera sakuzifuna. Bere lipitirire usana ndi usiku mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Mano oyamba, kawirikawiri awiri a m'munsi, amatuluka cha pa miyezi 6, ngakhale ena amachedwerako. Mwana amatuluka dovu, nkhama zimamuyabwa, amavutavuta. Mawu akuti "ndi mano chabe" achedwetsa makolo ambiri kupita kuchipatala. Mano sachititsa kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi kwambiri. Zimachitikira pamodzi chifukwa ndi nthawi imene mwana wayamba kudya ndi kutola zapansi. Akatsegula m'mimba, muyamwitseni pafupipafupi, mupatseni Thanzi, ndipo mukalandire zinki kuchipatala. Liwombo likalowa, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Musamatepo mankhwala, thamangani naye. Thupi likatentha, akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Mwana wa msinkhu uwu amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, kuphatikiza tulo ta masana. Amakhazikika mukamachita zinthu mofanana madzulo aliwonse: kumusambitsa, kumuyamwitsa, kanyimbo, kenako kumugoneka chagada m'neti. Abambo, apa pali gawo lanu. Mutengeni mwana pa nthawi ya mapemphero a m'banja, muziyankhula naye, ndipo akabwebweta muzimuyankha. Umo ndi mmene amaphunzirira kuyankhula.

Pa Sabata ambiri timachoka m'mawa n'kubwerera madzulo. Phala lophika mbandakucha limene lakhala m'chikho mpaka masana likhoza kumudwalitsa mwana. Tengani nthochi, peyala kapena papaya zosasenda, sipuni yoyera ndi sopo wosambira m'manja, mukamupotere pomwepo. Azimayi anzathu, mayi akatuluka m'tchalitchi kukadyetsa mwana, timupatse malo pamthunzi.

Pomaliza, tsegulani buku la kuchipatala usiku uno. Pa miyezi 6 mwana amalandira vitamini A, ndipo amabwerezanso miyezi 6 iliyonse. Pa miyezi 9 pali katemera wa chikuku, wachiwiri pa miyezi 15. Ngati tsiku lina linakudutsani, pitani naye sabata ikubwerayi, adzamulandira. Paja akulu anati m'mera m'poyamba.